Nsomba imeneyo anaipha liti?

Lero ndalemba zazitali. Amene bandulo yatsala pang'ono musadandaule, muno mulibe vidiyo kapena chithunzi, ndi mawu okhaokha. Pezani pokhala.

Lachisanu lapitali ndadya nsomba yaiwisi. Ine amene, mwana wobadwira pa mchenga wa ku Senga Bay, amene ababa anga anayamba kupalasa bwato Kamuzu adakali pampando. Yosaphika, yosawamba, yosafutsa, yoti sinaonepo moto. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kulavula. Dikirani kaye ndifotokoze, chifukwa nkhaniyi yathera kwina kumene sindinkayembekezera.

Ku ofesi kwathu ku City Centre tinali ndi ntchito ina imene inatiwerukitsa usiku mwezi wathunthu. Itatha, abwana athu, amene tonse timangowatchula kuti madamu, anati akatigulire chakudya chamadzulo. Ine ndinkaganiza za nkhuku ndi tchipisi. Tinakwera galimoto yawo anthu asanu, n'kulowa m'ma Area aja a mipanda italiitali, kumene msewu umakhala zii ngati kulibe ana. Malo ake ndi nyumba wamba imene anaisandutsa lesitilanti: mlonda pageti, matebulo ochepa pakhonde, mkati kauntala yaitali ya thabwa ndi kabati yagalasi yozizira. Titakhala, madamu anandiyang'ana akumwetulira n'kunena kuti, "A kunyanja, lero mutitsogolere ndinu. Tikudya sushi, ndipo nsomba ndi yanu."

Onse anaseka, ndipo ndikudziwa kuti sanaseke mwachipongwe. Koma mawu amenewo anakhudza bala lakale. Ndili ku sekondale yogonera komweko, amayi ankandilongedzera usipa wouma m'thumba la shuga kuti ndizidyera masiku a nyemba zofumbwa. Fungo lake linalowerera m'sutikesi, m'bulangete, mpaka mu yunifolomu. Pofika teremu yachiwiri dzina langa lenileni linali litaiwalika, aliyense ankangoti Bonya. Usipawo ankadya nawo ndithu, koma dzina silinachoke. Kuchokera nthawi imeneyo ndinaphunzira kubisa. Zaka zonse ndakhala mu Lilongwe muno, munthu akandifunsa kwathu ndimati ku Salima, basi. Akafunsa ntchito ya ababa ndimati amachita bizinesi. Ndikuulula izi pano koyamba, ndipo achemwali anga amene muli pa gulupu pano, pepani.

Mbale inabwera. Timibulu ta mpunga totalika ngati chala chachikulu, pamwamba pa kalikonse atagoneka kachidutswa ka nsomba, kena kofiirira ngati papaya wakupsa, kena kofiira ngati nyama ya ng'ombe. Tina tinali tokulunga m'chinthu chakuda chopyapyala ngati pepala, chimene anati ndi ndere za m'nyanja yamchere zoumitsa, dzina lake nori. Pambali panali jinja wodula mopyapyala, kambale ka msuzi wakuda wa soya, ndi kanthu kobiriwira kochepa ngati nsawawa imodzi.

Anzanga anatulutsa mafoni kujambula. Ine ndinachita chimene mwana aliyense wa msodzi amachita asanaganize n'komwe: ndinaweramira mbaleyo n'kununkhiza. Panalibe fungo. Ndinanunkhizanso. Kunangomveka kakuzizira, ndi kavinega pang'ono ka mu mpunga. Apa m'pamene mtima wanga unakhala pansi, chifukwa chinthu chimenechi ndimachidziwa. Inu a kunyanja ndinu mboni: chambo chongochotsedwa kumene m'matchera mbandakucha sichinunkha. Chimamveka madzi basi. Fungo limene anthu a m'tauni amati ndi la nsomba si la nsomba ayi, ndi fungo la kuchedwa.

Timitengo tiwiri todyera tija tinandikana. Kambulu koyamba kanagwera mu msuzi n'kumwazika. Bambo amene ankadula nsomba kuseri kwa kauntala anandiona n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, gwiritsani manja. Eni ake ku Japan amadyanso ndi manja zimenezi. Mutembenuze, nsombayo ndi imene ikhudze msuzi, osati mpunga." Manja ndiye anga. Koma ndinalakwitsa pena: kobiriwira kaja ndinakayesa peyala, ndinakatola konse. Abale, kambuzi amawotcha lilime, koma wasabi amakwera m'mphuno mpaka kukagogoda mu ubongo. Misozi inatuluka pamaso pa madamu. Ubwino wake sachedwa kutha.

Nditapukuta misozi ndinatenga kachiwiri, ka salmon, n'kutafuna modekha. Sindikunamizani kuti ndinaona kumwamba. Poyamba thupi linakana, pakhosi panatseka, chifukwa kuyambira ndili mwana ndinauzidwa kuti chaiwisi amadya ndi mphaka ndi nkhwazi. Kenako mnofu uja unangosungunuka. Mafuta ake anandikumbutsa mpasa, uja amakwera mtsinje wa Bua kukaswana, amene Azungu amamutcha salmon wa m'nyanja yathu. Mpunga unali wofunda pang'ono, nsomba yozizira, mchere wa soya pakati. Ndinadya tisanu ndi kamodzi.

Chimene chinandikoka kwambiri ndi bambo uja. Chichewa chake chinali ndi kamvekedwe ka ku Nkhata Bay, ndiye anzanga atatanganidwa ndi nkhani za ku ofesi ndinasuntha n'kukakhala pa kauntala. Ndinalasa: kwawo ndi cha ku Chintheche, nayenso mwana wa msodzi. Anapita ku Cape Town ngati anyamata ambiri a kwawoko, anayamba ndi kutsuka mbale, kenako kutsuka mpunga zaka ziwiri asanamulole kugwira mpeni. Mpeni wake ndi wautali, wonola mbali imodzi. Sacheka uku ndi uku ngati mmene timachitira ife. Amaukoka kamodzi kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga, kachidutswa n'kugwa kosalala ngati galasi. Akadula kamodzi amapukuta mpeni ndi thabwa.

Ndinamufunsa kumene nsombayo yachokera. Anati salmon ndi ya ku Norway, yoweta m'makhola a m'nyanja, imadzera ku Johannesburg. Yofiira ija ndi tuna, ya m'nyanja yamchere. Ndinaseka. Ndinati, "Akulu, nyanja ili apa, makilomita 120 okha. Mukalephera kupeza chambo mpaka kuitanitsa nsomba ku Ulaya?"

Sanaseke nawo. Anati zifukwa zilipo ziwiri. Choyamba, nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi tinyongolotsi timene timakhazikika m'thupi la munthu, choncho sayerekeza kuzipereka zaziwisi. Ngakhale za m'nyanja yamchere zambiri amayamba aziumitsa ndi chisanu choopsa, madigiri 20 kunsi kwa ziro kwa masiku 7, kuti tizilombo tife. Chachiwiri anandifunsa ine: "Chambo cha kwanu chimafika bwanji kuno?"

Ndinakhala chete chifukwa yankho ndimalidziwa. Matchera amatchera madzulo, amakawonjola m'mawa. Nsomba imene inakodwa 8 koloko usiku yagona yakufa m'madzi ofunda mpaka kucha. Ikatero imagona pansi m'bwato, padzuwa, pamene akupalasa kubwerera. Pa doko imadikira kuti ogula amalize kunenerera. Kenako imalowa m'dengu kapena m'beseni, mwina imamangidwa pa galasi la minibasi kuti izipitidwa mphepo mu msewu wonse wa Salima, fumbi ndi utsi zili momwemo. Ikamafika ku Lilongwe maso alowa, makha achita bii. Iye anati, "Ya ku Norway yayenda ulendo wautali kuposa yanuyo, koma chiifereni sinafundepo ngakhale ola limodzi. Anthu awa sakulipira nsomba. Akulipira kuzizira kumene sikunaduke panjira."

Anandiuzanso kuti asodzi a ku Japan ali ndi kaphedwe kotchedwa ikejime: nsomba ikangotuluka m'madzi amaibaya mu ubongo kuti ife nthawi yomweyo isanaphuphe, amaichotsa magazi, n'kuiika pa ayezi. Nsomba yofa ikulimbana mnofu wake suchedwa kufewa. Ndiye anatsitsa mawu n'kuti, "Ine pano ndimawotchanso nsomba. Mutandibweretsera chambo chimene chalowa pa ayezi chikadali m'bwato, sindinganenerere mtengo. Koma amene amabwera nacho pageti apa, ndikachidina ndi chala, dzenje limatsala."

Ndiime kaye apa, chifukwa ndikudziwa mmene mauthenga a pa WhatsApp amayendera. Pasapezeke munthu wokatenga chambo kapena usipa n'kudya chosaphika ati wawerenga kwa ine. Ayi. Nsomba ya m'nyanja yathu iphikidwe, ipse. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023 imene inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tinaika maliro ambiri. Nkhani yanga si yoti tiyambe kudya zaziwisi.

Pobwerera kunyumba usiku umenewo ndinakumbukira mphunzitsi wathu wa masamu wa Fomu 2. Anali wa ku Japan, mmodzi mwa anthu ongodzipereka amene dziko lawo lakhala likutumiza kuno kuyambira 1971. Nsima ankadya ndi manja kuposa ena a ife. Tsiku lina anatiuza kuti kwawo amadya nsomba yaiwisi, kalasi yonse inagwa ndi phwete, ine Bonya ndikutsogolera kuseka kuti anzanga aone kuti pali wina wonunkha kuposa ine. Iye anangojambula mapu pa bolodi n'kutiuza za nyanja ya Biwa, yaikulu kuposa zonse m'dziko lawo. Tinalibe nazo ntchito. Loweruka m'mawa ndinakafufuza zimene ankanena zija.

Sushi sinayambe ngati chakudya cha mabwana. Inayamba ngati njira yosungira nsomba kwa anthu opanda firiji. Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Biwa mpaka lero amapanga yotchedwa funazushi: amagwira nsomba ya m'nyanja yawoyo, amaitumbula, amaikwirira mu mchere miyezi ingapo, kenako amaisanja mu mgolo pamodzi ndi mpunga wophika n'kutsindira mwala pamwamba, chaka chathunthu kapena kuposa. Imasasa, ndipo fungo lake amati ngakhale a ku Japan ena amalithawa. Tandiuzani, zikusiyana pati ndi amayi anga amene amafutsa usipa n'kuuyanika pa thandala kuti ufike mwezi wa njala? Vuto ndi limodzi, nsomba yachuluka lero ndipo mawa kulibe. Aliyense analithetsa ndi zimene anali nazo pafupi: iwo mpunga ndi mchere, ife dzuwa ndi utsi.

Sushi ya timibulu imene ndinadya ija inatchuka mu mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, cha m'ma 1820, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Hanaya Yohei. Inkagulitsidwa m'mbali mwa msewu, anthu n'kumadya choimirira, ngati mmene timachitira pa chiwaya. Ngakhale salmon yeniyeniyo ndi mlendo: a ku Japan sankaidya yaiwisi poopa tinyongolotsi, mpaka a ku Norway, atachulukidwa ndi nsomba yawo yoweta, anakhala zaka zambiri kuyambira m'ma 1980 akuwanyengerera. Ndipo nsomba ya funazushi ija inachepa kwambiri m'nyanja ya Biwa, bango la m'mbali litawonongeka komanso mutalowa nsomba zachilendo zodya zinzake. Nafenso chambo chathu mu 2018 bungwe la IUCN linachiika m'gulu la nsomba zimene zili pangozi yaikulu yotheratu. Anthu a kunyanja kulikonse nkhawa zathu n'zofanana.

Za bilu sindinena zambiri. Madamu analipira ndi khadi, koma diso langa linaba. Mbale yanga yokha inaposa ndalama imene ndimatumizira amayi pa Mpamba kuti agule ufa wa masabata awiri. Chakudya chija chinayamba kulemera m'mimba.

Loweruka lomwelo masana ndinaimbira ababa. Foni yawo imakhala ndi amayi, ndiye panatenga nthawi kuti awapeze pansi pa mtengo pamene amasokera ukonde. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekezera kuti aseka kapena andikalipira kuti tauni yandipengetsa. Anakhala chete, kenako anafunsa funso limodzi: "Nsomba imeneyo anaipha liti?"

Ndinati sindikudziwa tsiku, koma chiifereni yakhala pa ayezi. Anati, "Anaichotsa magazi?" Ndinati eya. "Ukaidina imabwerera?" Ndinati imabwerera. Anati, "Ndiye amene anaigwirayo ndi msodzi." Basi. Munthu amene sanatulukepo m'dziko muno, amene sukulu analekezera Sitandade 3, anafunsa mafunso omwewo amene bambo wa ku Cape Town uja anaphunzira zaka zambiri. Ndinakumbukira mmene ankatidzutsira 3 koloko usiku kuti tikawonjole dzuwa lisanatuluke, mmene amamenyera kampango pamutu akangomukweza m'bwato, mmene amavundikirira nsomba ndi chiguduli chonyowa. Ine ndinkayesa nkhanza za munthu wokalamba. Anali akuthamangitsana ndi kuchedwa kuja, opanda ayezi, zaka zoposa 40.

Tisanadule foni anabwereza nkhani imene akhala akuinena chaka chino, ine n'kumaizemba. Akufuna kugulitsa boti ndi injini. Maso ayamba kuvuta, nsomba zachepa, mafuta akwera chigwereni kwacha mu Novembala 2023, ndipo alovi akabwerako ndi kanthu ogula amatchula okha mtengo podziwa kuti msodzi sangabwerere nayo kunyumba nsomba ikufewa m'manja. Anati, "Ana nonse munapita kusukulu. Palibe amene akufuna kununkha." Sananene mokwiya. Koma ine ndinamva ngati akudziwa zimene ndimayankha anthu akandifunsa ntchito yawo.

Madzulo ndinatsikira ku Old Town, mu msika waukulu, kumene ndimagula ndiwo nthawi zonse. Ndinayenda mu mzere wa nsomba ngati mlendo. Milu ya usipa, utaka, micheni yowamba, milamba yopindidwa yakuda ndi utsi. Cha kwa a nsomba zaziwisi, mnyamata akuwaza madzi pa chambo ndi kuthamangitsa ntchentche ndi kanthambi. Ndinamufunsa kuti chafika liti, anati lero lomwe, bwana. Ndinatsegula makha n'kumuyang'ana. Anaseka n'kuti, "Aaa, inu ndi a kunyanja eti?" Ndinati eya, ababa anga ndi msodzi ku Senga Bay. Aka kanali koyamba kunena mawu amenewa mokweza mu mzinda uno. Sindikumunena mnyamatayo. Iye wagula chofewa kale, ndipo madzulo akakwana agulitsa modula mtengo kapena akachiwamba kuti asataye zonse. Kuyambira pa doko mpaka pa msika aliyense akuluza pang'onopang'ono, ndipo woluza kwambiri ndi amene anagona pamadzi.

Ife sitisowa nzeru zosamalira nyanja. Ku chilumba cha Mbenji, kwathu komwe ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'ma 1950, ndipo anthu amamvera. Ngati nsomba zikuchepa, ndiye kuti iliyonse imene yagwidwa iyenera kufika pa mbale ili ndi mtengo wake wonse. Msodzi amene wapeza ndalama yokwanira pa nsomba 20 sakhala ndi chifukwa chokokera neti ya udzudzu m'malo oswanirana kuti apeze 200.

Tsono nazi zimene ndachita. Ndakhala ndikusunga ndalama zaka ziwiri kuti ndigule ka Mira, nanenso ndizioneka ku Area 18. Japan ndinkaidziwira magalimoto basi. Ka Mira kadikire. Ndawauza ababa kuti boti asagulitse chaka chino. Ndagula ma cooler box awiri aakulu, apita ndi minibasi Lachitatu. Mphwanga amene anamaliza Fomu 4 n'kumangokhala wavomera kuti azilowa m'madzi ndi alovi, ayezi ali m'boti, ababa azimulangiza ali kumtunda. Bambo wa ku Chintheche uja ndinabwererako Lolemba, tagwirizana kuti nyengo yotseka ikadzatha tidzamubweretsere chambo 10 choyamba adzachidine yekha ndi chala chake. Akadzakana, tidzadya tokha, chowotcha.

Mwina zikanika. Magetsi akhoza kuzima ayezi osapezeka, mwera ukhoza kuwomba sabata yathunthu, minibasi ikhoza kufera pa Chezi. Amayi anena kale kuti ndalama ya galimoto ndaiponya m'madzi. Ababa sananene kanthu, koma mphwanga akuti dzulo anawapeza akuyeza m'boti ndi chingwe kuti aone pamene mabokosiwo adzakhale.

Amene mukudziwa kumene amagulitsa ayezi wa mabuloko wodalirika pa Kamuzu Road kapena ku Senga Bay komweko, ndilembereni ku inbox. Ndipo amene muli m'tauni muno koma munakulira pa thandala ngati ine, mukapita kumudzi mwezi uno mukawafunse akuluakulu mmene amadziwira nsomba yabwino. Mukamvetsere bwino, nzeru imeneyo anthu akuilipira ndi khadi ku ma Area.

Ndatha ine wanu, mwana wa msodzi. Amene tinali limodzi ku sekondale mukhoza kupitiriza kunditchula Bonya, ndiziyankha.